Maziko a Chipinda cha Apongozi

Rabson asananyamuke ulendo wa ku Beira, anatenga zikhomo ndi chingwe n'kupita kuseri kwa nyumba, mkazi wake Filomena akumutsata pambuyo. Anakhoma chikhomo apa, china apo, n'kukoka chingwe mpaka pansi panaoneka malire a chipinda chimodzi chachikulu chogundana ndi khoma la nyumba yawo. Chipindacho chinali cha bambo ake, a Timoteyo, amene anafa ziwalo mbali imodzi nthawi yokolola, ndipo kumudzi ku Mavwere analibe wowasamala weniweni. Banja linagwirizana kuti abwere ku boda ya kumalire ndi Zambia, kwa mwana wawo, koma akhale ndi khomo lawolawo lotulukira panja, poti munthu ndi apongozi ake sayenera kumapanikizana pakhomo limodzi m'mawa uliwonse.

Rabson anali dalaivala wa thiraki, ndipo akachoka ankatha mwezi, nthawi zina miyezi iwiri, asanaponde pakhomo. Anauza mkazi wake kuti asadandaule, zonse anakonza kale: mmisiri wapezeka, simenti ili m'nyumba, njerwa zili panjira. Chake iye n'kungoyang'anira kuti ntchito ithe mvula isanagwe. Filomena anavomera, ngakhale anali asanamangitsepo ndi khola la nkhuku lomwe. Iye ankadziwa zitenje. Ankakazigula ku Chipata n'kumazigulitsa pa benchi pafupi ndi geti la boda, ndipo nsalu yosuluka ankaizindikira pongoitikita ndi zala ziwiri. Za dothi ankangodziwa kuti pena pamamera chimanga, pena sipamera.

Mmisiriyo anali a Ishmael, bambo wamfupi wosakonda zolankhulalankhula, amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Anabwera ndi aganyu awiri n'kuyamba kukumba ngalande ya maziko motsata chingwe. Mbali ziwiri zinayenda bwino. Dothi linali katondo wofiira, wouma gwa, moti piki inkachita kubwerera. Koma atafika pangodya ya kumadzulo, yoyandikana ndi khoma la chipinda chogona, mmodzi wa aganyuwo, Yohane, anamenya piki mwamphamvu ngati kale, ndipo inalowa yonse mpaka mpini, iye n'kutsala pang'ono kuitsatira ndi mphumi.

Pamenepo panatuluka dothi lakuda bii, lofewa, lonunkha ngati matope a kudimba. A Ishmael anatapa pang'ono, analifinya m'manja, analinunkhiza, kenako anauza Filomena kuti amenewo ndi makande, dothi lija limafufuma likamwa madzi n'kung'ambika likauma. Anati si nkhani yoopsa, angofunika kukumba mpaka apeze polimba. Anakumba kufika m'mawondo, kenako m'chiuno. Dzuwa linapendeka asanapeze polimbapo.

M'mawa mwake Filomena anapeza ngalande itagumukira mkati, chikhomo cha pangodya chitagwera momwemo, ndipo pansi pali madzi. Anaima n'kumawayang'ana. Unali mwezi wa Okutobala, zitsime za anthu zitaphwa, amayi akukanganirana malo pa mjigo. Madzi akanachokera kuti kuseri kwa nyumba yake, pamalo pomwe zaka zonsezi ankayanikapo zovala fumbi lili koboo?

Anaganiza zoimbira mwamuna wake. Koma foni yake inali ndi khalidwe lakelake. Akaima kuseri kwa nyumba inkadumphira netiweki ya ku Zambia, ndiye kuti alankhule bwino ankayenera kupita kumaso, kufupi ndi msewu, kumene ngalandeyo sankaiona. Choncho ankathamangira kuseri kukayang'ana, n'kubwerera kumaso kudzafotokoza. Rabson anali pamzere wa mathiraki ku doko la ku Beira, injini zikulira mbali zonse. Anafunsa ngati madziwo ndi ambiri. Filomena anati si ambiri, koma alipo. Anafunsa ngati dothilo ndi lakuda kwenikweni kapena lodera chabe. Filomena anapitanso kukayang'ana, ndipo pobwerera anamuuza kuti pamwamba ndi lodera, pansi lakuda.

"Amake Tiyanjane, musavutike ndi zazing'ono," anatero Rabson, pomuitana ndi dzina la mwana wawo amene anali kusukulu yogonera komweko. "Auzeni athiremo miyala. Mwala sunama."

A Ishmael atamva zimenezi anapukusa mutu, koma anati mwini nyumba ndiye mwini mawu. Ngolo ya ng'ombe inabweretsa miyala, aganyu anaiponya m'ngalande n'kuitsindira ndi chipika. Madzulo panaoneka bwino ndithu, moti mtima wa Filomena unakhala m'malo. Patangopita masiku ochepa miyala ija inali itamira, matope ataiphimba, pangotsala nsonga za ingapo. Anaitanitsa ngolo yachiwiri, nayonso inatsatira inzake.

Apa mbiri inali itamveka, ndipo anthu anayamba kubwera kudzasuzumira. Mayi Consolata, oyandikana nawo nyumba, amene anabadwira komweko boda isanakule, anati iwo sakudabwa. Malo onsewo kale linali dambo, mayi awo ankalimapo nzimbe. Tsiku lomwelo Yohane anazula mizu yowola yooneka ngati ya nzimbe, ndipo Filomena anati basi, yankho lapezeka. Koma mawa lake kunabwera bambo wokonza matayala m'mbali mwa msewu, n'kunena kuti dambo linali kutsidya kwa msewu, osati kuno. Kuno kunali chulu chachikulu chimene anachigumula pomanga msewu, ndipo pansi pa chulu pamakhala mphako za chiswe. Asanachoke n'komwe, fosholo inaboola kamphako, mkati muli zisa zouma za chiswe. Bamboyo anangotambasula manja n'kubwerera ku matayala ake.

Filomena anafunsa a Ishmael kuti zoona ndi ziti. Iwo anati zonse zikhoza kukhala zoona. Koma masana omwewo, atatsika pang'ono, anapeza njerwa zakale zingapo zitandandalikidwa mokhota. Anachotsa pensulo kukhutu, anaziloza nayo, n'kunena kuti chimenechi chinali chitsime, wina anachikwirira. Kenako munatuluka mabotolo, nsapato imodzi yachimuna ndi phale la mbiya. Yohane anati chitsime ayi, linali dzala lotayamo zinyalala.  Waganyu mnzake uja anayang'ana phalelo, anatuluka m'dzenje, anasamba m'manja, ndipo tsiku lotsatira anatumiza mawu akuti iye sakumba pamanda.

Aliyense wobwera ankanena zomveka, ndipo dothi linkamuvomereza. Zimenezi ndizo zinamuzunguza mutu Filomena. Akanakonda wina aname poyera, kuti atsale ndi ochepa owakhulupirira. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma iye anali ndi anthu ochuluka zedi, ndipo funsolo linali pomwepo. Nayenso Rabson sankathandiza. Lero ankati aikemo konkire ya zitsulo. Mawa ankati mnzake wina wamuuza kuti ku Nacala amayala matayala akale pansi. Mkuja ankati asiye zonse amudikire, kenako n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani khoma silinayambike mpaka pano.

M'mawa wina chitseko cha chipinda chogona chinakana kutseguka. Filomena anachikankha ndi phewa, chinatseguka chikukhula pansi. Potembenuka anaona mng'alu pakhoma, wochokera pangodya ya zenera kutsika mokhotakhota mpaka pansi, ndipo penapake pankalowa kuwala. Anaikapo chala, nsonga yake inalowa. Anakhala pabedi. Iye anasiyidwa kuti awonjezere nyumba, ndiye tsopano imene inalipo ndi imene inkang'ambika.

A Ishmael anayang'ana mng'aluwo mkati, anauyang'ananso kunja, kenako anati kukumba kuime, dzenje lafooketsa phazi la nyumba.

"Si inu munati tikumbe mpaka tipeze polimba?" anafunsa Filomena.

"Ndinatero, mayi."

"Ndiye tikwirire?"

"Tikakwirira, chipinda tichimanga pa chiyani?"

"Ndiye tipitirize."

"Tikapitiriza, khoma ili litipeza m'dzenje."

Anabweza pensulo kukhutu. Chimene anachita tsikulo n'kudula mitengo ya bulugamu n'kuchirikiza khomalo kunja, ndipo nyumba inaoneka ngati munthu woyendera ndodo.

Sabata yomweyo, masana, minibasi inaima pamsewu n'kutsitsa Betty, mlongo wake wa Rabson wa ku Chiosya, pamodzi ndi a Timoteyo, thumba la zovala ndi mpando wa ndalema. Betty ndiye ankawayendera bambowo kumudzi, ndipo anati sangathenso, nazale ya fodya ikufuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Anati achimwene anamuuza pa foni kuti chipinda chatsala pang'ono kutha. Filomena anamutengera kuseri. Betty anayang'ana dzenje, mitengo yochirikiza khoma ndi mulu wa matope, kenako anamuyang'ana mlamu wake nthawi yaitali.

"Alamu, chipinda chili kuti?"

"Ndi chimenechi."

 A Timoteyo anawayalira pabalaza. Kuyambira pamenepo Filomena sankadutsanso momasuka m'nyumba yake yomwe. Ankatulukira khomo la kuseri, limene tsopano linkatsegukira pamwamba pa ngalande, n'kumawoloka pa thabwa, nthawi zina ndowa ili pamutu.

Masana nkhalamba inkapempha kuti aitulutse panja, ndipo inkakhala pa ndalema pamthunzi wa kuseri, maso ali pa dzenje. Matenda aja anapotoza kamwa lawo, mawu ankatuluka olumikizana. Tsiku lina ananena kanthu akuyang'ana Filomena. Iye anagwada chapatali monga mwa ulemu, koma sanamve. Betty anawerama n'kutchera khutu, kenako anadzuka.

"Akufunsa ngati ndi mmenemu mukufuna kuwaika."

Filomena sanadziwe ngati zinali nthabwala. Mbali imodzi ya nkhope ya apongozi ake inali duu, inayo inkaoneka ngati ikumwetulira. Anayankha mwaulemu kuti amenewo ndi maziko a chipinda chawo, angovuta pang'ono. A Timoteyo anagwedeza mutu n'kunenanso kena kake. Betty anati bambo akufuna tiyi, ngakhale Filomena anamva ngati atchula madzi a m'dzenjemo. Anapita kukatereka tiyiyo osadziwa ngati ndi zimene anapempha. Patapita masiku ochepa Betty anabwerera ku Chiosya, atasiya mawu akuti malo ngati amenewo amafuna mapemphero, osati simenti. Filomena anapemphera ndithu, koma madzi m'dzenje sanasinthe.

Pakati pa makasitomala ake panali Favour, mayi wachitsikana amene ankagwira ntchito yoyeza pa kampani yokonza msewu, woyenda ndi chipewa cholimba ndi nsapato zazikulu. Anabwera kudzagula chitenje cha chinkhoswe cha mng'ono wake, ndipo Filomena anamukulungira china chosiyana ndi chimene analoza. Atabweza, anamukulungiranso cholakwika. Favour anafunsa ngati kunyumba kuli matenda. Filomena anangokhuthula zonse mosayalana bwino: dambo, apongozi, chulu, mng'alu, chitsime, manda. Favour anamvetsera mpaka pamapeto n'kunena kuti adzadutsa nthawi ya nkhomaliro.

Anabweradi, atanyamula chitsulo chachitali cha mtundu umene amaika mu konkire, chosongoka mbali imodzi. A Ishmael poyamba anamuyang'ana cham'mbali, koma iye anawapatsa moni mwaulemu n'kuwapempha kuti amuthandize kukankha. Pafupi ndi dzenje chitsulocho chinalowa chonse pongochitsamira. Anasuntha pang'ono, chinalowanso. Anayesa kuseri konse mpaka kumpanda, n'chimodzimodzi. M'mbali mwa nyumba chinalowa theka n'kuima. Atafika kumaso chinakaniratu, moti a Ishmael anachita kulendewera pamenepo. Paliponse pamene ankayesa, Favour ankasiyapo kamwala.

"Ndiye n'chiyani kwenikweni?" anafunsa Filomena. "Dambo, chulu kapena chitsime?"

"Sindikudziwa, mayi. Kuti tidziwe pafunika makina oboola pansi, dothi likapimidwe. Ndikatchula chimodzi ndingokuwonjezerani nkhani ina. Chimene ndaona n'chakuti kuseri konse n'kofewa, kumaso n'kolimba."

Anafotokoza kuti kuseri kungathe kumangika ngati atayala konkire imodzi yaikulu ya zitsulo, yokhala ngati mphasa, yosagwirana ndi khoma lakale. A Ishmael anati anaionapo ntchito yoteroyo ku Lilongwe, koma simenti imene inali m'nyumba siingakwane, komanso mvula ili pakhomo. Njira ina inali yomanga kumaso. Filomena anati kumaso n'kosatheka, poti ndi pamene bambo a Tiyanjane amaimika thiraki akabwera. Favour anati zimenezo ndi za m'banja, iye sangalowemo, ndipo anatenga chitsulo chake n'kubwerera kuntchito.

Filomena anatsala ataima pakati pa timiyala tija. Ankayembekeza kuti munthu wopita kusukulu atchula dzina la chinthucho, nkhani ithe. M'malo mwake anamusiyira njira ziwiri, zonse zosayendeka. Anaimbira Rabson, foni sinapezeke. Anaimbanso mawa lake, chimodzimodzi. Dalaivala wina amene ankadikira mapepala pa boda anamuuza kuti anakumana naye ku Lusaka akulowera kumalire a Congo, ndipo kumeneko munthu amatha masabata ali pamzere, foni ili chete.

Chizimalupsa chinagwa masana ena Filomena ali pa benchi. Anakulunga zitenje m'pepala la pulasitiki n'kuthamangira kunyumba. Madzi a pa malata ankagwera m'ngalande mwenimweni. Akuona ndi maso ake, mbali imodzi ya dzenje inanyotsoka n'kugwera mkati, mtengo umodzi wochirikiza khoma unaterereka n'kugwa, ndipo thabwa lake lowolokera linatsatira. Anakumbukira kuti mphasa ya apongozi ake ili chakukhoma la kuseri. Anazungulira nyumba n'kulowera khomo la kumaso osaodira, zovala zikuchucha madzi.

A Timoteyo anali atakhala tsonga, akumvetsera phokosolo. Filomena sanagwade. Anawagwira mkono wabwino uja, dzanja lina n'kuwazunguliza kumsana, n'kuwadzutsa. Chikwatiwire anali asanawakhudzepo, ndipo anadabwa kuti anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi khomo la kumaso, anawakhazika pa ndalema, iye n'kukhala pansi chapambali. Anakhala choncho awiriwo akuyang'ana mvula. Nthawi iliyonse mphepo ikawomba, Filomena ankatembenuka kuyang'ana khoma. Silinagwe.

Mvula itakata anatuluka n'kuyenda pabwalo la kumaso. Madzi anali atadikha pamwamba pa katondo, koma phazi silinkalowa. Anapita kuseri, anazula zikhomo zimene zinatsala, anakoka chingwe m'matope n'kuchitsuka pa ndowa. Kenako anatenga mwala n'kuyamba kukhoma zikhomozo kumaso, pamalo a thiraki penipeni. Mtima wake sunali wotsimikiza. Pokhoma chilichonse ankamva mawu a mwamuna wake, a Betty, a mayi Consolata, onse akulankhula nthawi imodzi. Chingwe chinatuluka chokhota, koma anachisiya choncho.

A Ishmael anazipeza m'mawa. Anazizungulira manja ali kumbuyo.

"Abwana akudziwa?"

"Sakudziwa."

"Nanga akadzakwiya?"

"Adzakwiyira ine."

"Koma mwatsimikiza kuti apa ndi pabwino?"

"Palibe chimene ndatsimikiza, a Ishmael. Kungoti kuseri ndatopa nako, ndipo apongozi anga sangathe dzinja lonse ali pabalaza."

A Ishmael anazula zikhomozo n'kuzikhomanso mowongoka. Ngalande yatsopano inafika polimba isanapitirire m'mawondo. Katondo amene ankatulukamo ankamunyamula pa wilibala kupita naye kuseri, n'kumakwirira dzenje lija pang'onopang'ono, kuthira, kutsindira, kuthiranso. Pakhoma long'aluka anamangapo mzati wa njerwa woligwira. Konkire ya kumaso inauma osang'ambika, ndipo njerwa zinayamba kukwera. Ngakhale zinali choncho anthu sanasiye kulankhula. Ena ankati chipinda cha kumaso chimawononga maonekedwe a nyumba, ena ankati nkhalamba idzatsamwa ndi fumbi la mathiraki. Filomena ankawavomera onse. Masiku ena ankaona kuti wachita bwino, masiku ena ankadzuka akuganiza kuti mwina akanangodikira.

Rabson anatulukira kumapeto kwa Novembala, dzuwa lili paliwombo. Analiza hutala monga mwa masiku onse, anayamba kukhotetsa thiraki kuti alowe pabwalo, kenako anaponda buleki mwadzidzidzi. Pamalo pake panali makoma ofika m'mazenera. Anatsika injini ikulirabe, anayang'ana makomawo, anayang'ana nyumba, anayang'ananso ya mayi Consolata, ngati munthu amene wakhotera pakhomo pa eni. Filomena anatuluka n'kumupatsa moni. Iye anayankha moniyo maso ali pa njerwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Chipinda cha abambo."

"Ine ndinakhoma zikhomo kuseri."

"Munakhoma kuseri, inde. Lowani muwalonjere kaye, ndikuonetsani."

A Timoteyo anali mkati mwa makoma opanda dengawo, pa ndalema yawo, pamthunzi wa khoma, akuyang'ana msewu kudzera pakhomo lopanda chitseko. Chiyambire kukwera makoma ankapempha kuti awakhazike mmenemo. Rabson ananjuta n'kuwagwira dzanja. Iwo analankhula nthawi yaitali ndithu, ndipo Rabson ankangoti inde, inde, koma anatembenukira mkazi wake ndi maso ofunsa. Filomena, amene khutu lake linali litazolowera, anamuuza kuti akuti waonda, komanso thiraki yake ikuwatchinga.

Kuseri Filomena anamuonetsa mzati, mng'alu ndi pamene panali dzenje. Anafotokoza zonse, ndipo pofotokozapo anaona kuti nkhaniyo sikumveka ngakhale kwa iye mwini. Rabson anaponda pansi, analumpha pang'ono, anapita kumpanda n'kuponda kumeneko, nsapato n'kusiya chidindo chakuya. Anafunsa kuti pomaliza anapeza kuti chinali chiyani. Filomena anatchula zonse zimene anthu ananena. Rabson anadzikanda m'mutu n'kunena kuti akukumbukira ngati munthu amene anawagulitsa malowo anati kale ankakumbapo dothi loumbira njerwa.

"Nanga bwanji simunanene pa foni?"

"Mwina ankanena za malo a mayi Consolata. Kapena a kutsidya. Papita nthawi."

Anaima awiriwo akuyang'ana pansi. Filomena ankadikira ukali, atakonzeka kale ndi mayankho, koma ukaliwo sunabwere. Rabson ankangoyang'ana khoma, mpanda, khomanso, ngati akufuna poyambira. Kumsewu mahutala anayamba kulira, poti thiraki inali itatseka theka la msewu ndipo magalimoto ochokera ku Mwami, kutsidya kwa boda, anali atandandana kumbuyo kwake. Rabson anafunsa kuti ndiye aiimika kuti. Filomena anati pafupi ndi pomwetsera mafuta pali bwalo la mpanda pamene madalaivala ena amasiya magalimoto, pali mlonda. Rabson anati akwere akamuonetse.

Filomena anakwera movutikira, atagwira chitenje ndi dzanja limodzi. Mkati munkanunkha dizilo ndi makoko a malalanje. Rabson anabweza thiraki m'mbuyo, anthu a m'mbali mwa msewu akumukupizira manja, kenako anayendetsa mpaka anafika pabwalo lija. Asanatseke zitseko anatsitsa chikwama chake ndi thumba la mpunga limene anagula ku Mozambique. Iye anasenza thumba paphewa, Filomena anatenga chikwama, n'kuyamba kubwerera wapansi.

Panjira Rabson anafunsa kuti chipindacho chifuna malata aatali bwanji. Filomena anati zimenezo afunse a Ishmael. Anapatukira kunyumba kwa mmisiriyo, koma anapeza akazi awo okha, amene anati bambo apita kumaliro kumudzi, abwera mkuja. Anasiya uthenga n'kupitiriza ulendo, mitambo ikusonkhana chakumadzulo.

Denga linakhomedwa sabata yotsatira, mvula ikuwadukiza kawirikawiri, ndipo a Timoteyo analowa m'chipinda chawo Khirisimasi isanafike, pulasitala asanaume bwinobwino.